Chala cha Nangozo

Pangano anasainirana ku boma Lachinayi,
mabwana atatu, zolembera zitatu:
a chipatala cha boma, a chipatala cha mishoni,
ndi a bungwe la galimoto zoyera lija.
Loya wa ku Lilongwe anawerenga ndime ndi ndime,
anthu anaomba m'manja, anamwa zoziziritsa kukhosi.
Ine, kalaliki wa ku Tsangano,
anandipatsa mulu wa mapepala ndi mawu ochepa:
uziwafotokozera odwala, azidinda.

Lachiwiri kunacha ndi nkhungu ya mu Juni,
ija imameza ndi tsidya la msewu lomwe.
Woyamba pabenchi anali Nangozo
wogulitsa kachewere, zala zong'ambika ndi chisanu,
kabuku kake ka kuchipatala kali m'jumbo ya shuga,
masamba ena mvula inadya kalekale.

Ndinati: Mayi, zipatala zapangana.
Zimene timalemba kuno za thupi lanu
azitha kuziona ku Ntcheu, azitha kuziona ku mishoni,
kuti musamayambenso poyambirira kufotokoza.

Anati: Azitha ndani?

Ovomerezeka okha, mayi. Ndime yachisanu ndi chiwiri.

Ku mishoni amakolopa ndi mlamu wanga.
Ameneyo ndi wovomerezeka?

Ayi. Kompyuta ili ndi nambala yachinsinsi,
ndipo aliyense wotsegula amasiya phazi lake.
Woulula ntchito imamuthera, mwinanso kukhoti.

Anaseka, koma maso sanaseke nawo.
Ntchito ikamuthera, mawuwo amabwerera m'kamwa?
Nanga wakabaza amene amanditula pano mwezi ndi mwezi,
amene amaona khomo lomwe ndimalowa,
iyeyo anasaina pati?

Ndinatembenuza masamba onse khumi ndi anayi.
Za wakabaza munalibe.

Panja mzere unayamba kutsokomola mokumbutsa.

Nanga ndikakana?
Mankhwala mulandirabe. Ndime yachitatu.
Ndikavomera lero, mawa mtima n'kutembenuka?
Mubwere, tidzatseka.

Anandiyang'ana mmene amayang'anira ogula a m'basi,
aja amati ndalama ndiponya pawindo
injini italira kale.

Kenako anapukuta chala pachitenje,
dothi la kudimba likukana kuchoka m'chikhadabo,
nachiviika mu inki.
Ndikudinda chifukwa cha mapiritsi oyera aja
anandisupula khungu chaka chatha.
Ndinauza madokotala atatu, wachinayi anandipatsanso.
Zimenezo lembani ndi zilembo zikuluzikulu.
Zinazo,
anatero akumanga jumbo yake,
muzizinyamula ngati mazira a eni ake.

Mu Okutobala anagwa pa depoti ya Ntcheu,
thumba la mbatata lili pamutu, kabuku kali kunyumba,
pakamwa posatha kutchula ngakhale mudzi.
Mnzake wa pamsika ndiye anatchula dzina.
Namwino Chimkwita anandiimbira madzulo ake:
Zilembo zanu zija tinaziona,
botolo linali kale m'manja, tinalibweza pashelefu.

Ndinafuna kumuuza atabwera,
ndimve akunena kuti pepala lagwira ntchito.
Anandiyamba ndi iye:
Kumpingo mayi wina wasiya kumwera kapu yanga.
Sindikudziwa anamva kuti.
Kaya ndi makina anuwo, kaya ndi njinga,
kaya ndi kuonda kwangaku.

Ndinafufuza mapazi onse m'kompyuta.
Anali atatu: anga, a namwino, a wopereka mankhwala.
Ndinamuonetsa. Anagwedeza mutu pang'ono,
sanati ndakhulupirira, sanati tsekani.
Analandira mankhwala ake a miyezi itatu,
nandisiyira mbatata zinayi pa tebulo.

Madzulo ndimakhoma kabati, kiyi m'thumba la malaya,
kutsika ndi kanjira kodutsa m'minda ya kabichi
ndili ndi mayina mazana anayi kuseri kwa mano.
Loya sanalembe ndime ya pakhomo panga.
Mkazi wanga akuthira madzi m'beseni
amafunsa: Za kuntchito lero?

Ndimati: Kunali nkhungu.